Njinga ya gravel kumidzi ya ku France, ndiyambire kuti abale?

Kabaza_wa_Leeds

Moni nonse abale anga. Ndili ndi kafunso kwa amene munapalasako njinga ku France kapena mukukhala konko. Ine ndimakhala ku Leeds, ndinagula njinga ya gravel (zija zopalasa pa misewu ya fumbi ndi timiyala) ya kaunjika, matayala ake ndi a 38mm mulifupi, ndipo pano ndatopa nazo njira zomwezomwezi za mmbali mwa ngalande kuno, mvula daily matope okhaokha. Kuntchito andipatsa holide kumapeto kwa Seputembala kukafika koyambilira kwa Okutobala, ndiye maganizo anga ndi oti ndiwoloke ndikaone midzi ya ku France. Paris ayi sindikumufuna, ndikufuna misewu ya fumbi, minda, nkhalango, kumene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo basi.

Vuto ndi loti pa intaneti mayina ndi ambirimbiri mpaka mutu waima, wina akuti Loire, wina akuti Massif Central, wina akuti Jura, ndipo zithunzi zonse ndi zokongola chimodzimodzi ndiye sukudziwa kuti pena ndi pa tala pokhapokha pomwe pena ndi miyala yoti njinga ngati yangayi singalimbe. Mphamvu ndili nazo zapakatikati, makilomita 60 kapena 70 pa tsiku ndi katundu ndimakwanitsa koma zitunda zikachuluka ndimatsika nkumakankha, manyazi ndilibe kkkk.

Ndiye ndithandizeni, dera labwino kwa munthu woyamba ndi liti? Kodi kudutsa mminda ya eni ake amalola kapena adzandithamangitsa ndi agalu? Njinga ndipita nayo bwanji, pa sitima kapena pa boti? Nanga zogona, ndinyamule tenti kapena mmidzimo malo ogona amapezeka? Chifalansa changa ndi bonjour ndi merci basi. Pasipoti ndi ya Malawi.

Nachisale_ku_Dijon

Achimwene takulandirani. Ine ndimakhala ku Dijon ndipo ndikuuzani mosazungulira, pitani ku Morvan. Ndi dera la mapiri ang'onoang'ono ndi nkhalango pakati pa Bourgogne, paki yake inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo phiri lalitali kwambiri kumeneko, Haut-Folin, ndi mamita 901 okha, ndiye zitunda zilipo zoti muzituluka thukuta koma si zokupha munthu ngati ku Alps. Mukwere sitima ya TER, zija za mmadera, pa siteshoni ya Paris Bercy mutsike ku Avallon, pamenepo ndi pomwe imayambira njira yaitali ija amati Grande Traversée du Massif Central, ndiye zikwangwani zilipo kale simusochera. Muzitsika kummwera kudzera Quarré-les-Tombes, nyanja ya Settons, mpaka Autun ngati miyendo ikulola. Musanayambe kapalaseni kaye mpaka Vézelay, ili pafupi ndi Avallon, mudzi wa pamwamba pa phiri wokhala ndi tchalitchi chakale kwambiri, chikweza chake chomaliza ndi chowawa koma mukafika mudzandithokoza.

Chomwe ndimaikondera Morvan nchoti mukatopa ndi zitunda muli ndi pothawira. Chakumadzulo kwake kuli Canal du Nivernais, makilomita 174 kuchokera Auxerre kukafika kufupi ndi Decize, njira ya mmbali mwake ndi yosalala yopanda chitunda, ndiye mutha kupita mnkhalango nkubwerera ndi ngalande kudzera Clamecy, tauni imene kale anthu ake ankamanga mitengo ya ku Morvan nkuiyandamitsa pamadzi mpaka Paris kuti anthu azikaotha.

Za minda ya eni musade nkhawa kwambiri. Njira zambiri za pakati pa minda amati chemin rural, mwini wake ndi boma la mudziwo ndipo aliyense amadutsa, alimi ndi mathirakitala awo, oyenda pansi, a mahatchi, inunso. Mukangoona chikwangwani cholembedwa propriété privée, kutanthauza malo a mwini wake, kapena tcheni chopingasa, bwererani, musachite makani. Geti la ng'ombe mukalipeza lotseka mutsekenso mukadutsa. Ndipo moni, achimwene, moni. Bonjour wanuyo ndi wokwanira, mukalowa mu shopu osapereka moni nkhope zimasintha pompo.

Tsopano nkhani yaikulu imene pa zithunzi sakuuzani. Nthawi mwasankhayo ndi nyengo ya alenje. Uzimba umatsegulidwa mu Seputembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, masiku enieni amasiyana malinga ndi dera, ndipo Loweruka ndi Lamlungu mnkhalango mumakhala magulu a anthu ndi mfuti ndi agalu akusaka nguluwe. Amaika zikwangwani zolembedwa chasse en cours, kutanthauza uzimba uli mkati, mukachiona musalowe ngakhale foni ikukuuzani kuti njira ndi yomweyo, zungulirani pa tala. Valani chowala, cha olenji kapena chachikasu, osati zakuda kapena zakhaki, ndipo belu muziliza. Ine masiku a weekend nyengo imeneyo ndimangopalasa mmbali mwa ngalande, nkhalango ndimaisiyira pakati pa sabata.

China ndi njala. Midzi ina ya ku Morvan ilibe golosale ngakhale imodzi, pomwe ilipo amatseka 12 koloko kapena hafu pasiti, kutsegulanso mwina 3, Lamlungu masana kotseka, Lolemba ambiri satsegula nkomwe. Malo odyera nawo chakudya chamasana ndi 12 mpaka 2 basi, mukafika hafu pasiti 2 akuuzani kuti kukhitchini atseka ngakhale mukuona mapoto ali pomwepo. Ndiye mmawa mukaona boulangerie, shopu ya buledi, yotsegula gulani buledi, tchizi, nthochi, zoti zikufikitseni madzulo. Madzi mukasowa pitani kumanda, pafupifupi manda a mudzi ulionse ali ndi mpopi pafupi ndi geti, anthu amathirira maluwa, opalasa njinga onse amatunga pamenepo. Mungoonetsetsa kuti sanalembe eau non potable, kutanthauza madzi osamwa.

Mjomba_wa_Plymouth

Asisi a ku Dijon anena zoona koma ine ndiona mbali ya mayendedwe, chifukwa kuchoka Leeds ndi njinga mpaka Avallon ndi chintchito, sitima kukafika London, kuwoloka, kenako kudutsa mu Paris ndi katundu kusaka siteshoni ina. Bwanji osangobwera kuno ku Plymouth nkukwera boti ya Brittany Ferries yopita ku Roscoff? Njinga umangoikankha kulowa nayo osamasula kanthu, ukatsika uko ndiwe uli kale kumudzi, ulendo wayambika pa doko pomwepo. Kuchoka Roscoff mumapita Morlaix, kenako pali njira yomwe kale inali njanji ya sitima, anachotsa zitsulo nkutsira timiyala tosalala, imakwera pang'onopang'ono kudutsa mphepete mwa Monts d'Arrée mpaka Carhaix. Matayala a 38 pamenepo ndi kwawo. Kuchokera apo mumalowa njira ya Canal de Nantes à Brest, imeneyi ndi mbali ya Vélodyssée, njira yomwe imatsika gombe lonse mpaka Hendaye kumalire ndi Spain, makilomita oposa 1,200, koma inu simukufunika yonse, mutha kukafika pa damu la Guerlédan kapena Josselin nkutembenuka.

Ngati mukufuna fumbi lenileni la mminda, kumpoto kwa Brest kuli Lannilis komwe kumachitikira mpikisano wa Tro Bro Léon, unayamba mu 1984, amathamanga mtinjira ta mathirakitala tomwe eni ake amati ribinoù, ndipo mwana wa ku Bretagne amene wafika patsogolo pa anzake a kwawoko amamupatsa kamwana ka nkhumba kamoyo, serious. Tinjira tambiri ta kumeneko mutha kukapalasamo nokha. Kuipa kwa Bretagne ndi mvula basi, mwati mwatopa ndi matope a ku Leeds, uko mu Okutobala musayembekezere zosiyana kwambiri, izo ndiye ndisakunamizeni.

Boti ina ndi ya Newhaven kupita Dieppe, maola 4, imeneyo imakutulani pa Avenue Verte ya London mpaka Paris, koma chigawo cha Dieppe mpaka Forges-les-Eaux ndi tala yosalala, gravel mulibe.

Koma akulu, zonsezi tisanapite patali, viza mwayamba? Pasipoti ya Malawi ikufunika Schengen viza, pepala lanu lokhalira ku UK silikulowetsani ku France. Mtengo unakwera kufika ma euro 90 mu Juni 2024, amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000 ndi umboni wa komwe muzigona, ndiye nkhani ya "ndizingomanga tenti pomwe dzuwa landilowera" pa fomu siyenda, bukani malo ogona oti mutha kusintha. Yambani pano, malo a appointment amatha msanga nyengo ya holide. Komanso nyama ndi za mkaka zochokera ku UK saloleza kulowa nazo ku EU, sangweji ya ham idyeni pa boti.

Chimwemwe_Area25

Kkkkkk koma abale inu, munthu kulipira viza ma euro 90 kuti akapalase pa msewu wa fumbi? Bwerani kuno tikupatseni wa ulele, mukwere njinga kuchoka pa Chitipa kudzera Nthalire mpaka Nyika muone ngati mudzafunenso France, anyamata a kabaza akunyamula matumba a makala pa njinga yopanda giya tsiku ndi tsiku palibe amawajambula.

Nthabwala pambali, ine France ndimangoionera pa TV nthawi ya Tour de France. Ya 2024 ija stage 9 inayambira ku Troyes nkuthera konko, anawalowetsa mtimisewu toyera ta mminda ya mphesa ya Champagne, zigawo 14 za fumbi, anthu otchuka akutsika njinga nkumathamanga nayo pa chitunda, anawina Anthony Turgis. Fumbi lake loyera ngati ufa, malo okongola heavy. Kumeneko sikungakhale bwino kwa mkuluyu? Ndangofunsa ine sindinafikeko.

Agogo_a_Magiya

Ana inu ndakuwerengani nonse. Ndiyambe ndi wa ku Area 25: misewu yoyera ya ku Champagne, cha ku Côte des Bar uko, ndi yabwino kukakhala kouma. Ikagwa mvula dothi lake limamata ngati phala, limadzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka wilo kukana kuzungulira, umachita kutokosa ndi kamtengo. Komanso Seputembala nthawi zambiri ndi yokolola mphesa, mathirakitala ndi maganyu ali pikitipikiti mtinjiramo. Ndi malo a tsiku limodzi kapena awiri, osati holide yonse.

Za ngalande ine ndikutsutsa. Munthu wanena kuti watopa ndi ngalande za ku Leeds inu mukumutumizanso ku ngalande? Mmbali mwa ngalande mumaona madzi kumanzere, mitengo kumanja, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Loire à Vélo nayo, makilomita pafupifupi 900, nyumba za mafumu zokongola zedi, koma yambiri ndi tala ndipo ndi ya mabanja ndi ana. Canal du Midi anthu amaitama chifukwa ndi yakale, inatsegulidwa mu 1681, koma zigawo zina ndi mizu ya mitengo yokhayokha, ndipo mitengo yambiri ya mthunzi ija anaidula chifukwa cha matenda. Amene akufuna kuona France wa kumudzi weniweni apite kummwera kwa Massif Central.

Njira imene watchula mwana wa ku Dijon ija siithera ku Autun. Yonse ndi makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka Avallon mpaka kunyanja ku Cap d'Agde, imadutsa mapiri ophulika akale a pafupi ndi Clermont-Ferrand, Saint-Flour, Margeride, Mont Lozère wa mamita 1,699, Mont Aigoual, kenako chipululu cha miyala cha Larzac komwe nkhosa zake mkaka wake amapangira tchizi cha Roquefort. Pa Larzac mumapalasa ola lathunthu osakumana ndi munthu, kumwamba makwazi ndi miimba, pansi miyala yoyera, mwadzidzidzi mwafika pa La Couvertoirade, mudzi wozunguliridwa ndi linga. Chigawo chimenecho mpaka pa nyanja ya Salagou ya dothi lofiira ndi chimene ine ndimachiyika patsogolo pa zonse, ndipo kumapeto kwa Seputembala kutentha kumakhala kutachepa.

Koma ndinene chilungamo, njirayi anaikonzera njinga za mmapiri. Pa 38mm ndi katundu manja adzachita dzanzi ndipo matayala adzaphwa kangapo. Ngati felemu ikulola ikani matayala a 45mm, a tubeless opanda chubu, ndipo giya yopepuka kwambiri ikhalepo. Pali mtundu wina wa njirayi womwe anaukonzera gravel, umazemba malo oipitsitsa, tengani umenewo. Mapu odalirika ndi a IGN a 1:25,000, mizere iwiri ndi njira yotakata, mzere umodzi wodukaduka ndi kanjira ka miyendo komwe mwina muzinyamula njinga paphewa. App ya mapu ya Komoot ndi yabwino koma nthawi zina imakulowetsani mu GR, njira za oyenda pansi zija za utoto wofiira ndi woyera, siiona kuti pali masitepe a miyala. Chizindikiro cha njinga ndi timawilo tiwiri ndi katrayango. Mapu muwasunge mu foni chifukwa netiweki kumeneko imasowa.

Madzi pa Larzac ndi vuto, mwala wake umamwa mvula yonse, mitsinje ili pansi mzigwa, nyamulani malita atatu. Ndiye agalu. Abusa amasiya nkhosa ndi chigalu choyera chachikulu amati patou, ntchito yake ndi kulimbana ndi mimbulu. Chikabwera chikuuwa musathawe, simungachipose liwiro. Imani, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi galu, musamuyang'ane mmaso, muziyankhula motsitsa, akakununkhizani abwerera yekha, kenako zungulirani gulu la nkhosa patali mukukankha. Kummwera kwenikweni kulinso misewu ya ozimitsa moto yolembedwa DFCI, gravel yabwino kwambiri, koma nyengo yotentha nkhalango zina amatseka kukakhala chiopsezo cha moto, muziona tsamba la pa intaneti la préfecture, ofesi ya boma ya deralo, madzulo alionse.

Kabaza_wa_Leeds

Eeh zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa sabata yonse yomwe ndakhala pa Google. Mjomba za viza mwandidzutsa, appointment ndikuisaka usiku uno. Agogo, Larzac yandikopa koma felemu yanga 45 salowa, mwina 40 mokakamiza, ndipo nkhani ya chigalu choyera ija ndili ndekhandekha mchipululu mmmm tidikire kaye ulendo wachiwiri. Pano mtima uli ku Morvan, mvula ya ku Bretagne yandibweza.

Koma asisi a ku Dijon mwati madzi a KUMANDA? Ine mwana wa ku Ntcheu kulowa kumanda popanda maliro, popanda chilolezo cha amfumu, nkutunga madzi kumwa? Mayi anga akamva adzaitanitsa mapemphero kkkkk. Palibe njira ina? Komanso simunandiyankhe za tenti, ndi za sitima ngati njinga amalipiritsa.

Chimwemwe usadandaule, ya Nyika ili pa pulani ndikabwera ku holide, udzandiperekeze ndi ya kabaza yakoyo tione amene adzayambe kukankha.

Nachisale_ku_Dijon

Kkkkk achimwene nanenso poyamba thupi linkachita tsemwe, koma manda a kuno ndi ena, ali ndi mpanda ndi geti lotsegula masana onse, agogo aakazi amabwera ndi ndowa kuthirira maluwa, ndipo mpopiwo ndi madzi omwewo a mmudzi, sachokera pansi pa mitumbira ayi. Nthawi zambiri uli pa geti penipeni simufika nkomwe pomwe agona anthu. Ngati mtima ukukanabe, lowani mu bar kapena café mugule khofi nkupempha akudzazireni botolo, sakana, kapena yang'anani pafupi ndi mairie, ofesi ya boma la mudzi, ndi pa bwalo la mpira. Kukayamba kuzizira kwambiri mipopi ina amatseka kuopa kuti mapaipi angaphulike koma nthawi yanuyo ikhala ikadatuluka.

Sitima za TER njinga imakwera osamasula, mumaikoleka pa malo ake, madera ambiri ndi ulele koma ena masiku ano amafuna kubukiratu kapena kandalama kochepa makamaka nyengo ya holide, ndiye onani pa app ya sitima ya SNCF Connect musanapite. TGV, sitima zothamanga kwambiri zija, ndi nkhani ina, si zonse zili ndi malo a njinga, pomwe alipo mumalipira ma euro 10 nkubukiratu, apo ayi muimasule mawilo muiike mchikwama. Mukabwera ndi boti ya Dieppe pali TER yodzera Rouen mpaka Paris Saint-Lazare, kuchoka apo mpaka Bercy mungopalasa mmbali mwa Seine, si patali.

Tenti ine ndingati siyani. Ma camping municipal, malo omangapo tenti a boma la mudzi, ndi otchipa koma ambiri amatseka kumapeto kwa Seputembala, ndipo ku Morvan usiku wa Okutobala kumazizira ndi chinyontho, mudzadzuka zonse zitanyowa. Sakani gîte d'étape, ndi nyumba za apaulendo zogona angapo chipinda chimodzi, khitchini ilipo muphika nokha, kapena chambre d'hôtes komwe mumagona pakhomo pa munthu ndipo ena amakuphikirani chamadzulo mukawauziratu. Chikwangwani cha Accueil Vélo chikutanthauza kuti ali ndi posungira njinga. Imbani dzulo lake, musangotulukira, ndipo zimenezi zikuthandizaninso pa mapepala a viza aja.

Za malamulo pang'ono: kuno timayenda kumanja, pa msewu waukulu simuiwala koma mukatuluka mkanjira ka mnkhalango kopanda galimoto thupi limakukokerani kumanzere lokha, ena amamanga kansalu pa handulo ya kumanja kuti azikumbuka. Mmidzi pa mphambano yopanda chikwangwani wochokera kumanja ndiye amayamba, ngakhale akutuluka mkamsewu kakang'ono ka tala. Ma earphone pa njinga ndi oletsedwa, faindi ndi ma euro 135. Usiku kapena kukachita chifunga kunja kwa tauni vesiti yowala ija ndi lamulo, magetsi ndi belu nazonso. Nambala ya ngozi ndi 112. Madzulo alionse muzidzifufuza nkhupakupa mmiyendo, kumbuyo kwa mawondo ndi mchiuno, za kuno zimapatsa matenda a Lyme, kachitsulo kochotsera amati tire-tique kali mu pharmacie iliyonse, gulani tsiku loyamba ku Avallon.

Agogo a Magiya, za ngalande ndamva koma musaiwale munthuyu abwerera bwanji ku sitima miyendo itatha. Kuchoka Autun kapena Château-Chinon atsikire ku ngalande cha ku Baye, adutse maloko 16 (zitseko zotsitsira maboti pa ngalande) a ku Sardy akutsetsereka, Clamecy, mpaka Auxerre komwe TER ya ku Paris imadutsa. Achimwene mukatsimikiza madeti lembani pompano, Loweruka likakugwerani pakati ndikuuzani mbali yoti mudzere kuti musakumane ndi alenje.